Fungo la Fodya wa ku Kanengo

Kale, pamene Area 25 yathu ino inali tchire lokhalokha, nyumba zikuchita kuwerengeka ndipo munthu ukaima pakhomo unkaona kutali popanda mpanda wa njerwa wokutchinga, ine ndinali mnyamata ngati iwe Yamikani, wongokwatira kumene, wodzimva kuti za banja ndazitha. Ndiye usandiyang'ane ndi nkhope yachisoniyo ngati ndiwe woyamba kugona pabalaza. Wabwera kuno ndi mnzakoyu kudzandiuza kuti mkazi wako Tadala wakana pefyumu wako, akuti akumuchititsa mseru, ndipo iwe ukufuna ukakhale ku Area 18 mpaka mtima wake utsike. Pefyumu! Ana a masiku ano mumanditopetsa. Mimba ikadali yaing'ono mwaijambulitsa kale kuchipatala, mwaiika pa foni, anthu a ku Joni aiona ine agogo ako ndisanamve, ndipo chimene chikumuvuta mkazi wako ukuchidziwa bwino lomwe, koma ukudandaulabe. Ine ndinazunzika osadziwa chimene ndikuzunzikira. Sendera kuno, ndipo mnzakoyo aike foniyo m'thumba.

Ndinkagwira ntchito yonyamula mabelo pa kampani ina ya fodya ku Kanengo, ndipo nyengo ya msika munthu unkaweruka uli fodya yekhayekha, m'tsitsi, m'zikhadabo, ngakhale m'malovu momwe. Agogo ako aakazi, a Nangozo, amene mukuwamva akugubuduza mapoto mkatimo, ndinali nditangowatenga kwawo ku Ntcheu, ndipo poyamba fungo limenelo ankalitama, ankati ndi fungo la mwamuna wolimbikira. Akane lero ngati ndikunama. Tinali ndi todzisangalatsa nato tathu. Ine ndinkaweta nkhunda, khola ndinakhoma ndekha kuseri ndi matabwa otola kuntchito, ndipo iwo ankaluka tinsalu toyera ta patebulo, moti m'nyumba mwathu wailesi inali ndi kansalu kake, ndowa ya madzi akumwa kake, mpaka ndinkaopa kuti ndikakhala chete nthawi yaitali andifunditsa kanga pamutu. Loweruka masana tinkakhala pakhonde, wailesi ikuimba, ine ndikuwazira nkhunda misere, iwo akuluka, ndipo ndinkati mumtima, banja ndi limeneli basi.

Koma paja walira mvula walira matope. Tsiku lina ndaweruka bwinobwino, ndisanaponde ndi pakhonde pomwe, ndinangoona munthu wagwira pamphuno.

"A Gama, musalowe. Imani pomwepo."

"Kwagwanji, Nangozo?"

"Mukununkha."

"Ndikununkha chiyani? Si fodya yemwe uja?"

"Kaya. Koma mukununkha. Vulani malayawo panja."

Asanamalize n'komwe anathamangira kuseri kukasanza, ine nditaima pabwalo ngati mlendo wosochera, ana a aneba akundiyang'ana. Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka chimbudzi m'nyumba yanga yomwe. Inali nyengo yozizira, mphepo ya mwera ikuchita kuluma, koma ine kusamba ndisanalowe, kusambanso ndisanadye, sopo kutha ngati ndikumudya, khungu mpaka kutuwa, ndipo ndikalowa m'chipinda ndingomva, "Mmm, likadalipo." Likadalipo pati? Mapeto ake anandiyalira mphasa kukhitchini, pafupi ndi thumba la makala, ndipo bambo wa pakhomo ndinkagona kumeneko ngati mwana wochita kubwera kudzapempha malo. Iwe ukulira sofa yofewa, pamaso pako pali TV.

Za chakudya musandiyambitse. Usipa akuti ayi, nyemba akuti ayi, mafuta akangolira mupoto iwo athawa. Kutha kwa mwezi ndinagula nyama ya ng'ombe yabwino, ndikuti mwina munthu asekerere, koma anaitenga ndi nsonga za zala n'kukapereka kwa aneba, ndipo ine ndinadyera mpiru wopanda tomato kwinaku nyama yanga ikununkhira kuseri kwa mpanda wa udzu. Iwo chawo chinali mandimu othira mchere, malambe, ndi dothi. Dothi, Yamikani! Ndinawapeza akukumba pachulu ndi kampeni, akutafuna maso atatsinzina ngati ndi bisiketi.

Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti munthuyu sanali wachisoni tsiku lonse ayi. Ndikasuzumira Lamulungu ndinkawaona atakhala pafupi ndi khola la nkhunda zanga, akuziwazira misere, akuziseka, zina atazipatsa maina, ndipo ina yoyera imene inkafungatira mazira ankaiyankhula motsitsa mawu ngati mnzawo. Ndikangoonekera ine, nkhope gwaa. Ndinachita nsanje ndi nkhunda, ine munthu wamkulu. Kuluka nako kunasintha. Masana onse aluka kanthu kakang'ono, koma dzuwa likamapendeka amasula konse, ulusi n'kuukulunganso, mawa lake chimodzimodzi. Ndinkati kapena mutu wayamba kuzungulira.

Mukuseka? Mukuti bwanji sindinazindikire? Ine ndinakulira kwa amalume pakati pa anyamata okhaokha, ndipo masiku amenewo za akazi sankazikamba mwamuna ali pomwepo. Panalibe foni yoifunsa, panalibe pulogalamu ya pa wailesi yotchula zinthu poyera ngati lero. Amayi a pamzere wathu ankadziwa onse, chifukwa ndikamadutsa pampopi ankagwirana m'mapewa n'kumaseka, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wondikokera pambali. Ndipo musati sindinafunse.

"Nangozo, mukudwala?"

"Ayi."

"Tipite kuchipatala?"

"Ayi."

"Ndakulakwirani?"

"Ayi."

"Nanga n'chiyani?"

Angoyang'ana pansi, zala zikusewera ndi ulusi.

Amati safunsa anadya phula, koma ndikuuzeni, wofunsa pabawo amadya choposa phula. Ndinali ndi anzanga amene tinkasewera nawo bawo pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, ndipo pakati pawo panali Jailosi, munthu amene sanasungepo mkazi ngakhale nyengo imodzi ya mvula, koma nkhani za mabanja ndiye anali mphunzitsi wamkulu. Nditafotokoza, iye osadzutsa n'komwe mutu pabawopo anati, "Achimwene, mkazi akayamba kununkhidwa ndi mwamuna wake, ndiye kuti mphuno yake yamva fungo lina. Inu mukakhala ku Kanengo tsiku lonse, pakhomo pamadutsa ndani?" Enawo anavomereza, ndipo mawu amenewo anandilowa ngati minga. Ndinabwerera kunyumba mtima ukuwira, ndikuwerenga amuna onse a pamzere wathu, ngakhale mkulu wina wosoka nsapato amene analibe dzino ndi limodzi lomwe.

Ndinaima pakhomo, poti kulowa kunali koletsedwa, ndipo ndinati, "Nangozo, ine ndatopa. Lamulungu ndikuitana ankhoswe. Ngati simukundifunanso mukanene pamaso pawo, mubwerere kwanu ku Ntcheu." Anandiyang'ana, misozi ili lengelenge, ngati pali mawu akufuna kutuluka, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Chabwino, a Gama." Chabwino! Ndinkayembekeza kuti akana, alira, andigwira mwendo, koma anangoti chabwino. Pamenepo ndinaona kuti banja langa latha ndithu, ndipo ndinamva kuwawa chifukwa munthuyu ndinkamukonda.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi anabwera amalume anga ochokera ku Mchesi, amene anali nkhoswe yanga, pamodzi ndi akazi awo amene tinkawatcha azakhali, ndiponso amalume awo a Nangozo ochokera ku Kawale. Tinakhala pakhonde, ine kumapeto kwenikweni kumene mphepo inkapita, ndipo ndinayala mlandu wanga wonse mwadongosolo: kusamba, mphasa ya kukhitchini, nyama yanga, nkhunda zanga. Amuna awiriwo ankagwedeza mitu mwachisoni, koma azakhali sankandimvera n'komwe, maso awo anali pa a Nangozo, kuyambira kumaso, pakhosi, mpaka kumapazi. Nditafika pa dothi la pachulu anandidula.

"Iwe Lameki, wati dothi?"

"Eya, azakhali, dothi."

"Ndi mandimu?"

"Othira mchere."

"Ndiye watichotsa ku Mchesi, takwera basi, tasiya ntchito zathu, chifukwa cha zimenezi? Amuna nonse dzukani. Pitani kuseri mukaone nkhunda."

Amalume anga anayesa kunena kuti mlandu sunathe, koma anangoyang'anidwa kamodzi, ndipo tonse atatu tinapezeka taima kukhola ngati ana othamangitsidwa m'kalasi. Azakhali anaitana amayi awiri achikulire a pamzere wathu, omwe aja ankandiseka pampopi, n'kudzitsekera m'nyumba. Tinadikira mpaka miyendo kuwawa, amalume awo a Nangozo akundiyang'ana ngati ndawabera mbuzi, ndipo kenaka tinangomva nthungululu zikuphulika mkatimo. Amalume anga anavula chipewa n'kundimenya nacho m'mutu.

"Chitsiru iwe, ukhala bambo."

Apa ndi pamene ndinamva za mwambo umene unatsala pang'ono kundipasulira banja. Kwawo kwa a Nangozo mimba yoyamba mwini wake saitchula, ngakhale kwa mwamuna wake, mpaka amayi aakulu atabwera kudzamulanga, mwambo umene amautcha chisamba, ndipo iwowo ndi amene amauza mwamuna. Atsikana ankaopsezedwa kuti ukaitchula wekha isanafike nthawi imeneyo, imachoka. Kumudzi zimenezi sizinkavuta, chifukwa amayi aakulu ali khomo lachiwiri, akuona lero mawa akulanga. Koma ife tinali m'tauni, amayi aakulu a kwawo ali kutali, ndipo uthenga umene a Nangozo anatumiza kudzera mwa mayi wina wogulitsa mbatata ya kachewere unawapeza apongozi anga ku Ntcheu ali pakalikiliki wokolola, n'kuti tibwera tikatha. Aneba nawo ankati si mwana wathu, sitingalumphe eni ake. Aliyense ankasunga mwambo bwinobwino, ine ndikuzizidwa pafupi ndi makala. Mpaka lero ndikaganiza ndimapsa mtima, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anandipepesa. Zoona akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo likakhala ku Ntcheu nyumba imapsa ku Lilongwe.

Kuluka ndi kumasula kuja, azakhali anandiuza kuti zala zinkangothawira ku kasokosi ka khanda, koma poti za mwana wosabadwa sakonzeratu, mantha akawagwira ankamasula.

Alendo atapita, a Nangozo anandiitana kuti ndifike pakhomo la chipinda, atatseka mphuno ndi nsonga ya chitenje, chifukwa musaganize kuti nthungululu zinachotsa fungo. Ndili chiimire pamenepo ndinaona kuseri kwa chitseko kuli mtolo womanga pachitenje, zovala zawo zonse, kapoto kamene anabwera nako kuchokera kwawo, ndi nsapato za ku tchalitchi pamwamba.

"Ichi n'chiyani, Nangozo?"

"Katundu wanga. Ndinamanga dzulo."

"Ndiye azakhali akanapanda kubwera, mukanapitadi?"

"Ndikanapita."

"Osanena kanthu?"

"Osanena kanthu. Tsiku lililonse mawu ankafika pakamwa, a Gama, ndikakuonani mukunjenjemera ndi madzi ozizira. Koma ndinati bola mundide inuyo, mwanayu akhale."

Ndinakhala pansi pomwepo pakhomo. Ine masiku onsewo ndinkawerenga zanga, nyama yanga, tulo tanga, ulemu wanga, osadziwa kuti mnzanga, mtsikana wamng'ono wopanda mayi pafupi, ankasenza yekha mantha oti ataya mwamuna kapena ataya mwana, ndipo anali atasankha kale. Mwana ameneyo ndi amayi ako, Yamikani, amene anakubereka iwe wodandaula za pefyumu.

Sindikunena kuti mubwerere ku zakalezo ayi. Kukhala chete kuja kunali kopweteka, ndipo ndimakondwa kuti Tadala anakuuza yekha, n'kupita nawe kusikelo mutagwirana manja, ngakhale zoika pa fonizo ndiye sindidzazimvetsa mpaka kufa. Koma mantha a mimba yoyamba sanasinthe, mdzukulu wanga, ndipo nayenso ali ndi zake zimene sakukuuza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zimenezi zimatha zokha, agogo ako anadzandiitana okha m'chipinda patapita nthawi, ngati sanandithamangitsepo.

Ndiye dzuka, kusanade, upite kwa mkazi wako. Akakuthamangitsa m'chipinda, khala pabalaza. Akakuthamangitsa pabalaza, khala pakhonde. Koma pageti usatuluke, kuti akasuzumira pawindo aone kuti ulipo.