Tsiku limene ndinakana kumwa madzi

Abusa, akulu a mpingo, amayi, abale ndi alongo nonse, moni m'dzina la Ambuye. Ndapempha kamphindi kuti nanenso ndichitire umboni, ngakhale nkhani yake ndi ija munthu wa imvi ngati ine sakamba pagulu. Ndi nkhani ya m'mimba. Ofuna kuseka sekani, nanenso ndinadziseka, koma mundimvere mpaka ndimalize.

Ambiri mukundidziwa, ndine wa kwa Msakambewa konkuno. Mukudziwanso kuti pa nkhani yosala kudya sindibwerera m'mbuyo. Masiku atatu, osadya, osamwa ngakhale dontho. Ndinkati ndi chikhulupiriro. Lero ndikuvomera pamaso panu kuti munalinso kunyada.

Chaka chatha, fodya ali m'chigafa, ndinayamba kudzimbidwa. Masiku anayi, asanu, osapita kuchimbudzi. Kenaka ndinaona magazi. Abale, ndinabisa. Miyezi iwiri ndinabisa, mpaka mayi a kunyumba anazindikira okha poona mmene lamba akutsikira. Anandikokera kuchipatala, ndipo kumeneko anatitumiza ku Lilongwe kuti akandiunike m'matumbo ndi kachipangizo kokhala ndi kamera.

Ku Lilongweko anamwino anatikhazika pansi. Anandifunsa ngati ndili ndi vuto la impso kapena la mtima, ndi mankhwala onse amene ndimamwa. Anati mankhwala otsuka m'mimba amene andipatse sayenera aliyense, ndipo ndisadzagawireko munthu wina ngakhale atadzimbidwa chotani. Linali botolo la mankhwala amadzi, owawa mchere. Anati dzulo lake la tsiku londiunika ndisadye chakudya cholimba, ndimwe theka masana, theka linalo madzulo, osapyola muyezo. Ndiye anagogoda patebulo, nati, "Bambo, mankhwalawa amakoka madzi a m'thupi kupita nawo m'matumbo. Mukamwa, muzimwa madzi ambiri, kapu pambuyo pa kapu. Tiyi wopanda mkaka ndi wabwinonso. Mukapanda kutero thupi liuma."

Ndinavomera ndi mutu. Koma mumtima ndinali nditapanga kale zanga. Ndinati, popeza andiletsa kudya, tsiku limeneli ndilisandutsa losala, ndipo ndisala mmene ndimasalira ine, osamwa madzi. Ndinkaopa khansa, abale. Ndinkaopa kwambiri. Ndinkaganiza kuti ndikadzimana koposa, Mulungu andimvera msanga.

Tsikulo linafika. Dzuwa lili paliwombo ndinamwa theka lija. Mayi a kunyumba anabweretsa jagi ya madzi, ine ndinati aike pomwepo ndimwa. Atapita kudimba ndinakathira madziwo pa mtengo wa papaya. Mukumva? Munthu wamkulu, kunamiza mkazi wake m'dzina la pemphero.

Mankhwala anagwira ntchito yake. Ndinapita kuchimbudzi, kubwera, kupitanso, kubwera. Kukamwa kunauma gwa, lilime ngati chikopa. Miyendo inayamba kukokana. Ulendo wachisanu ndi chimodzi, potuluka, ndinangoona dziko likuzungulira, ndipo ndinagwa pafupi ndi chigafa.

Amene anandipeza ndi mayi a kunyumba pochokera kudimba. Sanalire. Anayang'ana jagi yopanda kanthu, anayang'ana dothi lonyowa patsinde pa papaya, n'kudziwa zonse. Ananditsamiritsa pa mwendo wawo, nayamba kundimwetsa pang'onopang'ono. Ine ndinayesa kukana, ndinati ndili pa kusala. Iwo anandiyankha motsitsa mawu, "Bambo, Mulungu amene mukumusalirayu ndi yemwe analenga madzi. Imwani."

Ndinamwa.

Anaimba foni pa nambala imene anamwino anatilembera. Anamwinowo anati theka lotsalalo ndisalikhudze, ndipite kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo. Ananditengera pa njinga yamoto, ine pakati, mayi kumbuyo atandigwira ngati thumba la chimanga. Kuchipatalako anandiika diripi. Adokotala atandiyeza anati impso zinayamba kuvutika, ndipo ndikanamwa theka lachiwirilo mmene ndinalili, nkhani ikanakhala ina.

Tsiku langa la ku Lilongwe linapita. Anandipatsa lina patatha masabata atatu. Masabata amenewo, abale, ndiwo anali sukulu yanga. Ndinkakhala pakhonde kusankha mtedza, ndikudzifunsa kuti kodi ndinkafuna kusangalatsa ndani. Mulungu anali atandiyankhula kale, momveka bwino, kudzera pakamwa pa anamwino aja. Ine ndinafuna andiyankhule m'njira yanga. Ndinapemphera kuti andichiritse, koma thandizo litabwera ndinalithira pa papaya. Ndinapepesa kwa Mulungu, ndinapepesanso kwa mayi a kunyumba, ndipo kupepesa kwachiwiriku ndiko kunandivuta kwambiri.

Ulendo wachiwiri anayamba ayezanso impso zanga, n'kundipatsa mankhwala a mtundu wina ogwirizana ndi mmene ndinalili. Ndinachita zonse mmene anandiuzira. Mayi anakhala pambali panga ndi jagi yawo, osapita kudimba, kapu iliyonse akuiona ikutsika. Ndinapemphera, inde, ndinapemphera kwambiri, koma ndikumwa madzi. M'mawa mwake ndinakwera galimoto ndi miyendo yanga.

Anandiunika. Anapeza kachotupa kakang'ono m'matumbo, n'kukadula pomwepo. Zotsatira zitabwera anati sikanafike pokhala khansa, koma kanali pa ulendo wopita kumeneko. Kanali pa ulendo, abale. Miyezi iwiri ndinabisa, masabata atatu ndinataya ndekha, koma Mulungu anandidikira.

Sindikuti musamasale, ayi. Ineyo ndikusalabe. Koma inu azibambo anzanga amene mwakhala chete kumbuyo uko, mukaona zachilendo kuchimbudzi musabise monga ndinabisira ine. Ndipo akakupatsani botolo lija, imwani muyezo umene akuuzani, madzi ali pafupi, munthu ali pafupi.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha moyo. Ndikuthokoza anamwino ndi madokotala amene mayina awo sindiwadziwa. Ndikuthokozanso mayi awa akhala apawa, amene akuyang'ana pansi chifukwa cha manyazi. Imani pang'ono mayi, anthu akuoneni. Mpingo wa Mulungu, ndithandizeni kukondwera, ndekha sindingathe. Tiombe m'manja, timuyamike Ambuye. Amen.