Masitepe makumi asanu ndi awiri a achimwene anga

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1961, oyamba mwa ana anayi. Ine ndikuwerengane ndine mng'ono wawo, chitsirizira. Ndayankhulapo pamaso pa anthu m'mayiko khumi ndi anayi osanjenjemera, koma lero kapepala aka kakundilemera. Mundipirire.

Anayamba sukulu mu 1967. Ine ndinalekeza panjira n'kuyamba geni ndi njinga imodzi, lero malole anga mumawaona mumsewu. Iwo anapitirira mpaka ku yunivesite mu 1980, kukaphunzira uinjiniya wa zamagetsi. Digiri yaudokotala anakaitenga kunja mu 1995.

Pa 12 Ogasiti 1989 anakwatira alamu anga akhala apawa, mphunzitsi wa masamu. Suti ya tsikulo ndinawagulira ndine, koma thumba analiboola ndi sikuludalaiva phwando lisanathe.

Mu 1996 anayamba kuphunzitsa pa yunivesite. Ophunzira ankawatcha a Fyuzi, chifukwa phokoso likachuluka m'kalasi ankangozima, duu, choko chili m'manja, mpaka wolongolola achite manyazi. Kawiri konse ndinawaitana kukampani kwanga, ofesi yamphepo yozizira ndi galimoto zili chire. Anakana.

Chinawakaniza ndi ichi. Mu Novembala 2005 anaika kachipangizo padenga la labu kowerenga mphezi zimene zimaotcha mathiransifoma. Nyengo yamvula iliyonse, sikisi koloko m'mawa, ankakwera masitepe makumi asanu ndi awiri kukalemba nambala m'kope. Ankati kawerengedwe kosafika nyengo makumi awiri ndi mphekesera chabe, ndipo kudumphitsa tsiku n'kung'amba tsamba pakati pa buku. Komiti yokweza maudindo inawabweza katatu, ati mapepala akafukufuku ngochepa. Ana amene anawaphunzitsa kugwira waya anasanduka mapulofesa, iwo akukwerabe masitepe. Ndinawakalipirapo kangapo. Sindinapambane.

Mu Okutobala 2024, nyengo yomaliza ili pafupi kuyamba, impso za achimwene zinayamba kuvuta. Miyendo itatupa, alamu ndiwo anatenga kope. Achimwene atagonekedwa m'chipatala pa 20 Febuluwale chaka chino, alamu ankachoka pambali pa bedi, kukakwera padenga, n'kubwerera kudzawaonetsa nambala asanamwe mankhwala. Ndinapeza dokotala wamkulu kunja, tikiti yandege ndinagula. Iwo anati apita mvula ikatha. Anatisiya pa 3 Malichi, m'mawa, ataona kaye nambala ya tsikulo.

Asiya mkazi, ana atatu, zidzukulu ziwiri, alongo awiri ndi ine. Tikuthokoza anamwino, achipembedzo, aneba, ndi amisiri a mulabu amene anasinthana kunyamula makiyi a padenga.

Tsono anamfedwa anzanga, mvula sinathe. Kwatsala masabata asanu ndi atatu kuti nyengo makumi awiri zija zikwane. Mawondo a alamu atupa, atopa, ndipo sitingawatumenso kumwamba kuja. Dzulo ndi lero ndakwera ndine. Munthu amene ndakwerapo nsanja zazitali zam'mizinda ikuluikulu ndinapumira katatu panjira, thukuta kamukamu. Nambala ndalemba, koma tanthauzo lake sindikulidziwa. Ulendo wanga wobwerera kukampani ndauimika mpaka Lamlungu. Kupitirira apo, thupi ili likana.

Inu amene munadutsa m'manja mwawo, ndikukuonani mwadzaza mabenchi akumbuyoko, ena ndi mikanjo yaupulofesa. Patebulo la pakhomo pali pepala la masiku otsalawo. Mukamatuluka mulembepo dzina pa tsiku limene mungakwere. Panopa palembedwa dzina langa lokha. Kusanthula makopewo n'kwanu, ine ndikhoza kungowanyamula.

Achimwene, mawa sikisi koloko musadzuke. Mwakwera mokwanira. Mzimu wanu uuse mumtendere.