Paipi ya Injini m'Thumba la Mpunga

Abusa athu, akulu a mpingo, amayi anzanga ndi abale nonse, landirani moni m'dzina la Yesu. Aleluya! Ayi, imeneyo ndi ya anthu osadya. Aleluya!

Ndikufuna kuchitira umboni, ngakhale pena ndichita manyazi.

Ambiri mukudziwa kuti bambo a kunyumba kwathu ndi msodzi, ali ndi boti la injini, amapha utaka ku Mbenji. Lamulo la pachilumba paja mukulidziwanso: munthu wamkazi sapondapo. Ndiye iwo akapita amatha masabata, ine ndili kuno kumtunda. Mchimwene wanga anatsalira m'madzi omwewa nthawi ya mwera, ndipo chichokereni iyeyo mtima wanga sunakhalenso m'malo. Kamphepo kakangogwedeza masamba a mango, ine foni kukhutu. Abambo akapanda kuyankha, ndayamba kale kuganiza za nkhuni za pamaliro. Kupemphera ndinkapemphera, abale, ndinkapemphera ndithu, koma ndikangoti ameni, nkhawa zija ndinkazitolanso n'kubwerera nazo kunyumba. Kuchipatala anachita kundiuza kuti magazi akuthamanga kwambiri.

Tsono imvani zimene mantha anandichititsa. Mwera utayamba chaka chino, abambo anabwera kudzatenga ufa ndi petulo kuti abwerere mawa lake. Ine ndinatenga paipi ija imachoka pathanki kupita ku injini, n'kuikwirira m'thumba la mpunga. Inde, ineyo, wa kwaya! Musaseke, Mayi Phiri, sindinamalize.

M'mawa antchito a m'boti afika ndi zikwama zawo, paipi palibe. Anafunafuna, ine n'kumafuna nawo, mpaka kusuzumira pansi pa bedi. Ku Salima kusitolo ya saizi yake sinapezeke. Masiku atatu boti lili pamchenga, anzawo akukocheza ndi utaka wodzaza. Choipitsitsa, abambo anayamba kukayikira mmodzi wa antchito awo, munthu wa ana anayi, mpaka kunena kuti amuchotsa ntchito. Ndinkayesa kuti boti likakhala kumtunda ndipuma. Sindinapume, abale. Ngakhale nsima ndinkangoisiya m'mbale.

Tsiku lachitatu, tikuyanika nsomba pathandala, ndinaulula kwa mnzanga Nabanda, uyo wabisa nkhopeyo. Ndinkati andimvera chisoni. Iye anangogwira m'chiuno nati, "Iwe, kodi nyanjayi unaikumba ndiwe? Moyo wa mwamuna ukuusunga ndi paipi? Nanga mawa akakwera njinga yamoto ubisa chiyani, tayala?"

Ndinaseka, kenako kuseka kuja kunasanduka kulira. Ndinathamangira kunyumba dzuwa lili paliwombo, n'kugwada pafupi ndi thumba lija. Ndinati, "Ambuye, ndatopa. Ndatopa! Ntchito yosunga moyo ndi yanu, ine ndinangoilanda, ndipo yandikanika. Mwamunayu ndi wanu, boti ndi lanu, nyanja ndi yanu, inenso ndine wanu. Tengani." Abale, ndinamva ngati munthu wanditula mtolo wa nkhuni umene ndausenza kuchokera kutali.

Ndinafukula paipi ija, mpunga uli mbuu, ndinapita nayo kugombe. Ndinagwada pamchenga pamaso pa anthu onse. Poyamba ndinapepesa kwa bambo uja ankamunamizirayo, kenako kwa amuna anga. Ndinali nditakonzeka kuti akandiuza kuti ndilongedze, ndilongedza. Iwo anayang'ana paipi, anayang'ana ine. Kenako anati, "Amake Chisomo, ine mwera ndimauopa, koma lero ndaopa inu." Anthu onse anaphulika nako kuseka, ndipo abambo anandigwira dzanja n'kundidzutsa. Tinapemphera pomwepo, boti n'kunyamuka ine ndikukankha nawo.

Sindikunena kuti mantha anathera pomwepo ayi. Patangotha milungu iwiri mwera unakuntha masiku awiri osalekeza, tsiku limene abambo anati abwera linadutsa, foni yawo osagwira. Mantha anagogoda. Ine ndinangoti, "Ambuye, paja ndinakupatsani, sindikulandanso." Ndinaphika, ndinadya mpaka kukhuta, ndinayala mkeka pamthunzi, n'kugona tulo tofa nato masanasana.

Ndinadzidzimuka munthu akundigwedeza phazi. Kutsegula maso, ndi abambo, chikwama chili paphewa! Anali atabisala kuseri kwa chilumba mpaka mphepo italeka. Akuti, "Akazi onse ali kugombe kudikira amuna awo, inu muli mkonono pano? Simundikondanso eti?"

Ine ndinati, "Kukukondani ndimakukondani, bambo, koma ntchito ya ulonda ndinasiya. Ndinaibweza kwa mwini wake."

Mlungu wathawu ndinapita kuchipatala, andiyeza, akuti magazi akuyenda bwinobwino. Ndikuthokoza Mulungu amene anandipatsa mpumulo. Ndikuthokoza Mulungu amene sanandisiye m'manyazi anga. Wina muno mwina wabisa zake, sindikudziwa kuti m'thumba la chiyani, koma mlongo wanga, kafukule, ukapereke kwa Yesu, upume.

Abambo ali apo kumbuyo, tadzukani akuoneni. Ndi amenewo, amoyo, ndipo amene wawasunga si ine! Amayi, nthungululu zili kuti? Imirirani nonse, sangalalani nane, timuombere Yesu m'manja!