Anajambula Amake Opanda Nkhope

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni. Cholankhulira chanucho khalani nacho, mawu ndili nawo.

Tsiku limenelo tinalipo ine, alamu anga a Nabanda akhala apowo, a Kachere mkulu wa mpingo, mwana wanga Yohane, ndi azungu awiri osawadziwa. Yohane, wojambula uja, anatiitanira kutauni kukaona chithunzi cha malemu amake, Nangozo, pachionetsero. Ndinavala jekete, abale. Kuchoka kuno ku Nsaru, dzuwa lonse lija, jekete!

Kulowa, chithunzi chachikulu ngati chitseko. Chitenje n'chawo, cha nkhanga chija. Duku n'lawo. Manja ngawo, akusenda mtedza. Koma nkhope palibe! Pankhope anangopakapo phulusa, mbuu.

Kodi kwathu kuno chobisa nkhope n'chiyani? Yankhani! Si chilombo cha kudambwe? Mayi woimba kwaya m'tchalitchi muno mpaka mano kutha, mwana wake n'kumusandutsa gule, azungu n'kumagwedeza mitu, ati zokongola! Ndinakuwa, "Iwe Yohane, amako analowa liti kudambwe?" A Kachere anandigwira mkono. Ndinawakankha. Pepani a Kachere, koma ndinakukankhani. Ndodo iyi, iyiyi, ndinang'amba nayo chithunzicho pakati.

Miyezi itatu ine foni yake osayankha. Mgonero wa Ambuye osadya, munaona nokha, eti? Ndinauza a Nabanda kuti ameneyo pamaliro anga asadzaponde. Ndipo sindinama pano, mpaka lero ndikakumbuka phulusa lija mtima umawira.

Koma Mulungu sapempha chilolezo kwa munthu. Lachiwiri lapitali ndikupalira fodya, ndingoona kabaza waima, Yohane akutsika, chithunzi chija atachisoka, chili kumsana. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuthamangitse. Mawu anakana. Ine, mukundidziwa, mawu kukana! Umenewo ndi Mzimu, abale. Ndinakhala chete, mwana n'kulankhula, ndipo mwana wanga ndam'pezanso. Zikomo Yesu, zikomo. Amayi, nthungululu zili kuti? Kondwerani nane!

Yohane anagwada mumzere wa fodya momwemo, nati, "Bambo, si gule ayi. Nkhope ndinayesa kasanu. Ndikati ndijambule, imangotuluka ya kuchipatala ija, yowonda. Yakale yandithawa. Inu munawaona ali mtsikana. Khalani pansi muzindiuza, ine ndizijambula."