Chikho cha Malume Bankole

Olemekezeka Abusa Metzger; mfumu ya mudzi wathu wa Regent, Mayi Spaine; inu akuluakulu amene munamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mwabwera ndi ndodo ndi mamendulo anu; ana a sukulu amene mwatiimbira; amayi ndi abambo nonse.

Ndathokoza kuti mwandikhazika pampando wa mlendo, ngakhale kuti ambiri a inu munandibereka kumsana ndili wamamina.

Sajeni Bankole Thorpe, amene dzina lake lili pamwala wophimbidwawu, anali malume anga, koma sindinawaonepo. Ananyamuka pa doko la Freetown ali mnyamata, nakakhala wolondolera njira ya ndege yoponya mabomba. Mu 1943 ndege yawo inawomberedwa pochokera ku Jeremani, ndipo inagwera m'nyanja. Kunyumba kunabwera uthenga wokha, maliro osabwera.

Ine malume ndinawadziwira pa chikho. M'mawa wa Chaka Chatsopano, tikamapita kumanda kukathirira akufa athu madzi ozizira ndi kuwaponyera mtedza wa kola, amayi anga, Mayi Modupeh, ankanyamula zikho zitatu: cha bambo awo, cha mayi awo, ndi cha mlongo wawo. Ziwiri zinkabwerera zopanda kanthu. Chachitatu chinkabwerera chodzaza, chifukwa panalibe pothira.

Ambiri anawalangiza kuti angothira pamanda a makolo, ena akuti pamsewu, ena akuti kunyanja. Amayi ankakana, akuti madzi othira paliponse amamwa ndi wakufa aliyense wodutsa. Chaka china alamu awo, malemu aja tinkawatcha Pa Cline, anati, "Mlamu, ingowazani m'mwamba, si kumeneko anapita?"

Amayi anati, "Ndikawaza m'mwamba agwera pa dazi lanulo, ndiye wanga wamwa chiyani?"

Tinaseka tonse ngati mmene mwasekeramu. Koma pobwerera ndinaona amayi akutsika chitunda cha kumandako pang'onopang'ono, atagwira chikho ndi manja awiri kuti lisatayike ngakhale dontho.

Ana inu, sindikuuzani kuti nkhondo ndi yokoma. Kumene mabomba aja ankagwera kunalinso alongo a anthu, ndipo mwina enanso kumeneko akusowabe pothira.

Komiti yokonza chikumbutso itandiuza za mwala uwu, ndinapita kukawauza amayi ndili wokondwa. Anandifunsa kuti, "Pansi pake pali mafupa?" Ndinati ayi, pali dzina lokha. Anati iwo ndi okalamba, sangakwere chitunda kukaona mwala wopanda munthu. Ndinabwerako mtima uli zii, ndikuganiza kuti tamanga pachabe.

Lero m'mawa ndinawapeza atavala kale, atakhala pakhonde, kachikwama kali pamiyendo. Anangoti, "Ukachotse nsaluyo, koma usachedwe ndi zolankhula zako. Mlongo wanga wadikira kokwanira."

Choncho ndilekera pomwepa. Mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti chikumbutso cha Sajeni Bankole Thorpe chatsegulidwa tsopano. Ndipemphe kuti nkhata zamaluwa ziyambe zadikira, ndipo inu a kutsogolo mupereke njira.

Amayi, bwerani ndi chikho chija.

Zikomo kwambiri.