Nyimbo Imene Inatulukira M'manja

Abusa, moni. Akulu a mpingo, amayi anzanga, abale nonse, moni m'dzina la Ambuye. Inu a kumbuyoko, sendererani kuno pafupi, mikeka ilipo. Mawu angawa mukuwamva nokha, ali ngati khasu lakutha likukwecha pamwala, safika kuchitseko. Ana akhale pamiyendo pa amayi awo. Ndikufuna kuchitira umboni.

Kwa inu alendo, ine ndine Naphiri wa cha ku Likoswe. M'sukulu sindinapondemo. Dzina langa lomwe litalembedwa pabolodi ndikhoza kulidutsa osalipatsa moni. Koma kuyambira ndili mtsikana nyimbo zinkandibwerera. Sindinkazifunafuna ayi, zinkangobwera. Ndili pamtondo, ndili panjira ya kumadzi, ndingomva kanthu kayamba kuyenda m'chifuwa, ndikatsegula pakamwa nyimbo yatuluka ndi mawu ake omwe. Mnzanga anaMilanzi, akhala apowa, ndiwo ankandivomera. Ine kutsogola, iwo kuvomera, pofika madzulo mudzi wonse ukuimba. Nyimbo zina zimene mumaimba pamaliro, mukumati n'zamakolo, zinabadwira pamtondo wanga.

Kenaka kusukulu ya mpingo kunabwera aphunzitsi a Yotamu, bambo wa kolala yoyera, ataphunzira kuimba kwa m'buku. Anayambitsa kwaya. Iwowa nyimbo sankaiyamba ndi mawu ake. Ankayamba ndi do, re, mi, ndipo liwu lililonse linali ndi dzanja lake. Akakunga chibakera, ndiye do. Akayala dzanja choyang'ana pansi, mi. Akaimika chikhatho ngati chitseko, so. Akaligwetsa ngati tsamba lofota, la. Ana amangoyang'ana dzanjalo n'kumaimba nyimbo imene sanaimvepo chibadwire.

Tsiku lina ndikuchokera kudimba ndinaima pazenera. Nditaonerera ndinati, “Aphunzitsi, kodi mukuimbitsa, kapena mukufuna kuwamenya anawa?”

Ana anaseka. Aphunzitsi nawo anaseka, nati, “Mayi, nyimbo ili ngati nyumba. Ili ndi mizati yake. Womanga akapanda kudziwa mizati, nyumba imagwa.”

Ine ndinati, “Nanga pumbwa uja amalira mumtengo wa mango, anaphunzira mizati kwa yani?”

Iwo anati, “Pumbwa ali ndi nyimbo imodzi basi, mayi, chiyambire agogo ake.”

Ndinangoti, “Imbani zibakera zanuzo,” n'kusenza dengu langa.

Sitinadane, abale, musamve choncho. Tinkangoyenda njira ziwiri. Iwo la Mulungu, ine pamaliro ndi pamtondo. Nawonso ankapeka nyimbo, zowongoka bwino ngati mzere wa njerwa, mawu anayi osagundana. Koma anthu akamatuluka, nyimbozo zinkatsala m'tchalitchi pamodzi ndi mabenchi. Palibe mayi amene anapita nazo kumadzi.

Ndiye chinafika chaka cha njala chija. Ambiri muno mukuchidziwa, sindichulutsa. Mvula inadula chimanga chisanamasule. Amuna anapita kukasuma ku Chipwitikizi, kutsidya kwa malire, anga anapita nawo. Angawo anabwera atatupa miyendo, mvula yotsatira sanaione. Titangowaika ine ndinagwa. Chifuwa, zilonda pakhosi, malovu omwe osamezeka. Nditadzuka pamphasa, mawu anali atapita. Kunatsala manong'onong'o okha, oti munthu achite kuika khutu pakamwa panga.

Kutsindwi kwanga, pamwamba pa moto, kunali ngala za chimanga cha mbewu. Amuna anga ndiwo anazimanga kumeneko. Njala yonse ija ndinkaziyang'ana, nazo zikundiyang'ana. Zinada bii ndi utsi. Sindinazidye. Mvula itagwa ndinazitsitsa, ndinatokola, ndinabzala, ndili ndi chikaiko kuti mwina utsi unazipha. Zinamera, abale. Phando lililonse.

M'mawa wina ndikupalira, kanthu kaja kanayamba kuyenda m'chifuwa. Ndinaima ndi khasu m'manja. Nyimbo inabwera, yoposa zonse zimene ndinalandirapo. Mawu ake ankati:

Mbewu ya kutsindwi yada ndi utsi,
Koma Mbuye mwati imere.

Ndinatsegula pakamwa. Panatuluka mphepo.

Mverani bwino pamenepa, chifukwa vuto langa linali limeneli. Njala ndinaipirira. Umasiye ndinaupirira. Koma nyimbo kukhala m'kati, ikuimba usana wonse, ine ndekha woimva, chimenecho chinandithyola. Inali ngati mwana wopingasa m'mimba, wamoyo, akugunda, koma njira palibe.

Ndinathamangira kwa anaMilanzi. Anaika khutu pakamwa panga. Anati, “Mawu ndawamva, koma njira yake sindikuimva.” Anayesa kuiponya mwa iwo okha, inatuluka ngati nyimbo yathu yakale ya pamtondo. Ndinapukusa mutu. Anayesanso, inatuluka ya chinamwali. Atatopa anati, “Tangoimbani mluzu.” Ine ndinawanong'oneza kuti, “Mkazi wamkulu ngati ine? Komanso ndi mano ati?” Tonse tinaseka.

Ndinasiya kubwera kuno kutchalitchi. Kumva ena akuimba kunkandiwawa. Ndinkadandaula kwa Mulungu ndili m'munda, ndinkati, Ambuye, mumapatsa munthu ufa mutamulanda mphika? Ndipo chinayamba kundiopsa n'chakuti tizidutswa tina ta nyimboyo tinayamba kuzilala. Nyimbo yosaimbidwa imafota. Ndinaona kuti ndidzapita nayo kumanda, kapena idzafa ine ndisanafe.

Masana ena, chimanga chitayamba ngayaye, ndinaona aphunzitsi a Yotamu akulowa pabwalo panga, anaMilanzi ali pambuyo ngati sakudziwa kanthu. Kolala inali yomweyo, koma khosi litachepa, njala sinasankhe ophunzira. Anakhala pampando nati, “Mayi, abusa andiuza kuti ndipeke nyimbo ya tsiku loyamika zokolola. Ndayesa. Mizati ndili nayo, denga ndili nalo, koma m'nyumbamo mulibe munthu. Anthu aika ana awo chaka chino. Sindingawaimbitse mzere wa njerwa. Ndamva kuti inu muli nayo.”

Ndinaloza pakhosi.

Iwo anati, “Pakhosi ndamva. Nanga manja muli nawo?”

Ndinayang'ana manja angawa, a nyamakazi, okhakhala ndi khasu. Ndinanong'ona kuti, “Zibakera zija?”

Anati, “Zomwe zija.”

Anayamba kubwera akaweruka kusukulu. Tinkakhala pansi pa mango. Iwo aimba do atakunga chibakera, ine ndikunga. Aimba so, ine ndiimika chikhatho. Kenaka ankaimba manja ali kumbuyo, kuti ine ndipeze dzanja la liwulo ndekha. Abale, kuphunzira ukalamba n'kowawa. Ndinkasokoneza re ndi fa mpaka aphunzitsi kugwira mutu. Ankati, “Mayi, khutu lanu ndi labwino kuposa la ana anga onse, koma dzanja lanu ndi lamwano.” Iwo akapita ndinkapitiriza ndekha. Anthu odutsa pamsewu ankandiona ndikukungira nkhuku zibakera, mbiri inafika mpaka ku Mikolongwe kuti Naphiri njala yamusiyira misala.

Koma pang'onopang'ono ndinayamba kuona chinthu chimene sindinkachidziwa. Moyo wanga wonse nyimbo ndinkaimva ngati madzi, yongoyenda. Tsopano ndinaona kuti m'madzimo muli miyala yopondapo, ndipo mwala uliwonse uli ndi dzina. Nyimbo zanga zakale zonse zinkaponda miyala yomweyo ine osadziwa.

Chimanga chitauma, aphunzitsi anati, “Lero ine sinditsogola. Inu onetsani, ine ndiimba chimene dzanja lanu lanena.”

Ndinatseka maso. Ndinamvera m'kati. Ndinaimika chikhatho, iwo anaimba so. Ndinagwetsa dzanja, anaimba la. Ndinabwerera, ndinatsika. Liwu limodzi, kenaka lina, ngati munthu woponda pamadzi akuya. Titafika kumapeto kwa mzere anati, “Tsopano ndiulumikize.” Anauimba wonse, ndi mawu ake.

Abale, nyimbo yanga inatuluka pakamwa pa mwamuna wa kolala. Ndinaimva ndi makutu, kunja kwa thupi langa, ikudutsa pansi pa mango. AnaMilanzi anangoti, “Ndi imeneyi?” Ine misozi inali ikugwera pachitenje, mutu ukuvomera.

Koma sizinathere pomwepo. Panali malo awiri pamene tinakangana.

Poyamba panali pa mawu aja akuti utsi. M'kati mwanga liwu la pamenepo silinkaponda mwala. Aphunzitsi anaimba mi, ndinakana. Anaimba fa, ndinakana. Anati, “Mayi, pakati pa awiriwa palibe chopondapo.” Ine dzanja la pamenepo ndinalibe, ndiye ndinangolitsetseretsa pang'onopang'ono kuchoka pa lina kupita pa linzake. AnaMilanzi ndiwo anazindikira. Anati, “Aphunzitsi, akunena mmene liwu limagwera mayi akamalira maliro.” Anaonetsa. Aphunzitsi anamvetsera, anayesa, anayesanso, mpaka chinatheka. Kenaka anati, “Amayi anga ankatero. M'buku langa mulibe zimenezi, koma tizisiya momwemo.”

Kachiwiri panali pothera. Nyimbo zanga sizinkakhala ndi pothera. Ya pamtondo imatha chimanga chikakonoka, ya pamaliro imatha wina akayambitsa inzake. Iyinso inkangozungulira. Aphunzitsi anati, “Mayi, nyimbo yanu yaima pa re. Re ndi munthu woti wafika pakhomo koma sanalowe. Ilekeni itsike pa do, ifike kwawo.”

Ine ndinanong'ona kuti, “Sinabwere choncho.”

Anati, “Ndikudziwa. Tangomverani zonse ziwiri.”

Anaimba yanga. Anaimbanso ndi pothera pawo. Abale, ndinene zoona pamaso pa Mulungu, pawo panali pabwino. Panamveka ngati watula mtsuko pakhonde utachoka nawo kutali. Ndinakhala ndikufuna chifukwa chokanira, sindinachipeze. Ndinakunga chibakera ndekha.

Pambuyo pake anaiikira mawu a pansi, a amuna, amene amati besi. Chimenecho ine sindinachimvepo m'mutu mwanga chibadwire. Nyimbo zanga zinali za wotsogola ndi wovomera basi. Atabwera ndi kwaya kudzandiimbira pabwalo, amuna atalowa pansi paja, ndinamva ngati nthaka yomwe yavomera. Ndinakumbuka amuna anga akumanga ngala zija kutsindwi.

Tsiku loyamika litafika, madengu a chimanga ali apa pomwe ndaimapa, aphunzitsi anandiitana kutsogolo. Anati, “Mwini nyimbo aimbitse yekha.” Ndinaimbitsa ndi dzanja, pakamwa pali potseka. Pa utsi paja amayi analira, pa do paja anapukuta misozi. Ndipo m'mawa mwake ndikupita kumadzi ndinamva atsikana akuiimba pachitsime, mnyamata woweta mbuzi akuwaikira besi ali patsidya. Nyimbo ya m'tchalitchi inatuluka panja, ya panja inalowa m'tchalitchi.

Anthu amandifunsa kuti, agogo, nanga chachikulu n'chiti, kulandira nyimbo kapena kudziwa do re mi? Ine sindidziwa. Ndimangodziwa kuti aphunzitsi anali ndi mizere yolimidwa bwino yopanda mbewu, ine ndinali ndi mbewu ikufera kutsindwi. Mulungu amene anandipatsa nyimbo m'munda ndi yemweyo anatumiza munthu kukaphunzira manja aja kalekale, ine ndikumuseka pazenera. Anakonza njira mawu anga asanatayike.

Aphunzitsi a Yotamu anawasamutsira cha ku Magomero, akuphunzitsabe. Ndikumva kuti masiku ano amazungulira m'mitondo, kumvetsera amayi. Akabwera kuno sitilephera kukangana. Iwo amati mizati, ine ndimati pumbwa, kenaka timadya nandolo. AnaMilanzi ndi awa, makutu ayamba kuvuta, koma akaona dzanja langa amavomera pomwepo. Ine mawu olankhulira anabwerako pang'ono, ndi awa mukumvawa. Oimbira sanabwerere, ndipo ndinasiya kuwapempha. Nyimbo zikubwerabe. Zikabwera sindichitanso mantha, ndimangopita kukwaya ndi manja anga awiri.

Zikomo Ambuye posunga mbewu yakuda ndi utsi. Zikomo abusa pondipatsa mpata. Tsopano abale, kondwani nane, ndibwerekeni makosi anu, poti langa linatsala m'chaka cha njala. Imirirani nonse. Amuna a kumbuyo, musachite manyazi, pansi paja ndi panu. Yang'anani kuno. Ichi si chibakera cha ndewu, ana inu, ndi do. Mwamugwira? Tiyeni.