Mizere ya Bambo Kalebe Chadewa

Malemu Bambo Kalebe Chadewa anabadwa pa 9 Epulo 1964 ku Msakambewa, m'boma la Dowa. Sukulu analekeza Sitandade 6 chifukwa makolo awo, omwe anali matenanti a fodya, ankangosamukasamuka. Mu 1988 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Esinati a ku Bowe.

Mu 1995 analembedwa ntchito yotchetcha kapinga pa malo ena ogona alendo m'mapiri a Ntchisi. Anayamba ndi chikwakwa. Makina atabwera, anaona kuti akapita uku kapinga amagona mowala, akabwerera amagona moderapo. Basi anayamba kujambula mizere pabwalo lonse: mwezi uno yowongoka, mwezi wamawa yopingasana ngati mkeka woluka, nthawi ya mvula yokhota motsata phiri. Ankasankha okha, atayang'ana kaye kumene dzuwa likutulukira. Akwati ankachokera ku Lilongwe kudzajambulitsa pa mizere imeneyo.

Chaka chatha anawapeza ndi matenda othamanga magazi, ndipo ankalandira mankhwala mwezi ndi mwezi.

Anamfedwa, mundikhululukire, apa sindilankhula mokongoletsa. Sabata yatha mwana wa mwini malowo amakwatiwa Loweruka. Lolemba mwini malo anawauza malemu kuti atchetche mizere yowongoka. Anatchetcha. Mayi a mkwatibwi ataona, anati yowongoka ndi yachikale, ikhale yopingasana. Anabwereza. Kenaka mkwatibwi anaona ina pa foni, yozungulira ngati mphete, nati akufuna imeneyo. Lachinayi linali tsiku lawo la mankhwala. Atapempha kuti apite kuchipatala, anayankhidwa kuti, "Chipatala sichithawa, madala. Ukwati ndi mkuja."

Lachisanu masana, dzuwa likuswa mtengo, anagwa pakati pa bwalo makina akulira. Galimoto inalipo, dalaivala analipo, ndipo anailiza kuti akawanyamule pomwe anagwerapo. Mwini malo anaima kutsogolo kwake.

"Matayala aononga mizere. Anyamuleni mubwere nawo kuno."

Anzawo awiri a kukhitchini anawakweza pa wilibala, miyendo ili lendelende, n'kuzungulira nawo m'mphepete mwa mpanda kuti asaponde kapinga. Munthu wa zidzukulu, mkulu wa mphakati wathu, pa wilibala yotayira zinyalala. Anatsirizika m'galimoto, ali m'njira, asanafike kuchipatala.

Loweruka ukwati unachitika. Ife tikukhoma bokosi kuno, kumeneko amavina, ndipo zithunzi zake taziona. Mizere inatuluka bwino kwambiri.

Dzulo eni malowo anatumiza nkhata ya maluwa ndi dalaivala, iwo osabwera. Mayi Esinati anati ibwerere komwe yachokera, ndipo yabwerera. Dalaivalayo tinamuuza kuti akhale, alire nafe, pakuti iye anayesetsa.

Malemu asiya mkazi wawo, Mayi Esinati. Ana atatu, Wongani, Luckness ndi Lonjezo. Ndi zidzukulu zisanu.

Abanja tikuthokoza a Yohane ndi a Luke, omwe anawanyamula ndipo anakana kubwerera kukaphikira ukwati. Tikuthokoza adzukulu okumba manda, amayi a mphakati, akwaya, ndi nonse amene mwagona nafe pasiwa. Amene sitinawatchule, sikuti tawaiwala ayi.

Bambo Chadewa, mwagwira ntchito yokwana. Mzimu wanu uuse mumtendere.